Loweruka usiku, tulo takana

Ndagona, ndadzuka, ndamwa madzi, ndagonanso, koma mawu a gogo tinakumana naye masana aja sakuchoka m'khutu. Bola ndilembe.

Msuweni wanga anabwera Lachinayi kuchokera ku Lilongwe, ndipo chifikireni wakhala akundikakamiza kuti ndikamuonetse Mulanje wakale. Tinakwera kabaza pa Chitakale mpaka pa Boma, kenako wapansi kulowera kumtunda, kudutsa nyumba zakale zija za makhonde aakulu, malata ake ofiira ndi dzimbiri. M'njira ndinkamufotokozera zomwe ndimadziwa, zoti Boma lino azungu ankalitcha Fort Anderson, zoti tiyi wa kuno anayamba kudzalidwa ndi Henry Brown ku Lauderdale mu 1891. Titafika pokwera tinatembenuka. Tiyi ali biriwiri mpaka polekezera maso, wosalala ngati wometa ndi lumo, kumbuyo kwathu phiri litangoti njo. Ndakulira kuno, koma nanenso ndinakhala kaye chete.

Gogoyo tinamupeza atatula mtolo wa nkhuni pamwala, nkhata ili pabondo, akupuma. Tinapatsana moni.

"Mukujambula chiyani, adzukulu?"

"Tiyi, agogo. Kwanu kuno n'kokongola," anatero msuweni wanga.

"Kukongola n'kokongoladi," anatero iwo. Kenako anatambasula dzanja kutionetsa zala, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitauma gwa, zodera m'mphepete mwa zikhadabo. Akuti athyola tiyi ameneyo kuyambira ali mtsikana, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, mvula ikuwathera pathupi, kenako pamzere wa sikelo kudikira kapitawo. Sanali kudandaula ayi. Amangonena monga munthu amanenera za mvula ya chaka chatha.

Ndiye analoza pakati pa tiyi paja. "Mukuona kankhalango ako? Ndi manda. Mayi anga ali mmenemo, pamodzi ndi amayi awo amene anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi." Munda wawo, akuti, ndi kuchokera pamwala tinakhalapo kukafika pamtengo wa mango unali chapafupi. Basi. Ndi adzukulu anayi.

Za thangata ndinaphunzira kusukulu. Ndinaloweza kuti anthu okhala pa esiteti ankagwirira ntchito mwini malo ngati lendi, kuti chinali chimodzi mwa zomwe zinamuwawa John Chilembwe mu 1915, kuti linathetsedwa mu 1962. Mayeso ndinakhoza. Koma agogo anga aamuna nawonso anali Mlhomwe wochokera tsidya lija la Muloza, anagwirapo pa esiteti, ndipo amwalira ine ndisanawafunse funso ngakhale limodzi. Ndinkangokonda kalongonda wa pakhomo pawo. Chimenechi n'chimene chikundidya usiku uno, kuti ndimadziwa chaka cha Henry Brown, koma chaka chimene anthu anga anawoloka malire sindinachifunse, mwini wake ali moyo, atakhala pamkeka pomwepo.

Msuweni wanga anatulutsa K1,000, nawapempha kuti awajambule ndi mtolo wawo. Ndinamva kutentha kumaso. Sikuti iye ndi woipa mtima, ndimamudziwa, koma zinandinyansa. Gogo ndalama analandira ndi manja awiri, chithunzi anakana. "Ndi nkhuni zimenezi iyayi, mwanangu. A zankhalango akandiona ndidzalowera kuti?"

Apa ndiye panandisokoneza. Ine ndine mmodzi wa anthu amene timakalipa kuti phiri latha, mkungudza wapita. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala pa midzi mu Malichi 2023, ndinalankhula kwambiri za odula mitengo. Phiri litalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 2025 ndinasangalala, ndipo mpaka pano ndikusangalala. Maganizo amenewo sindinasinthe. Koma wodula mitengo amene ndinkamukalipira m'mutu mwanga sanali ndi zala zimene zija, sanalinso ndi mayi ake atagona pakati pa tiyi wa eni. Nanga aphikire chiyani? Akazitole kuti nkhuni, pamene kumunsi konse kuli tiyi?

Ponyamuka ndinawasenzetsa. Mtolowo tinaukweza awiri ndi msuweni wanga, mpaka ine msana unachita kuwawa, koma iwo anangokonza nkhata, n'kuti "Zikomo adzukulu, muyende bwino," n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Mudzi wawo sindinafunse. Ndafunsanso chiyani ine?

Pobwerera sitinalankhulane kwenikweni. Tinagula nanazi pamsewu, iye waika kale zithunzi za tiyi pa Facebook, ndipo n'zokongoladi. Panopa wagona. Panja kwayamba kamvula ka chiperoni, kakungoti waa padenga. Mawa ndiwaimbira azakhali ku Thyolo, mwina iwo akukumbukira mudzi umene agogo anga anachokera, ngati foni yawo ili ndi moto.