Webusaiti ya amalume inali m'chikwama mwanga

Amalume ali ndi kanyumba kogona alendo ku Senga Bay. Atamva kuti ndayamba zopanga mawebusaiti, anandiimbira. "Mphwanga, webusaiti yathu ikuonetsabe mitengo yakalekale, alendo akumabwera n'kumakangana nane. Taikonza." Ndinavomera modzitukumula ngati ndine injiniya.

Poopa kuwononga yeniyeniyo, ndinaikopera yonse pa laputopu yanga, pa XAMPP, pulogalamu yoyendetsera webusaiti pa kompyuta yako yomwe. Koma WordPress, pulogalamu imene anapangira webusaitiyo, ndi wamakani. Amasunga dzina la webusaiti mu database, ndiye ukamutsegula pa localhost, kutanthauza pa kompyuta yako yomweyo, amakuthamangitsira ku dzina lake lomwe lija. Mankhwala ake ndi kafayilo kotchedwa hosts, kamene pa Windows kamabisala ku C:\Windows\System32\drivers\etc, ndipo Notepad sakulola kusungamo kanthu ukapanda kumutsegula ngati administrator. Ndinalembamo mzere umodzi wokha: 127.0.0.1, kenako dzina la webusaiti ya amalume lothera ndi .mw.

Nkhani yake ndi iyi. Kompyuta ikamafuna webusaiti imakafunsa njira kwa DNS, yemwe ali ngati nyakwawa yodziwa khomo la aliyense m'mudzi. Koma isanapite kwa nyakwawa imayamba yasuzumira mu hosts, ndipo ikapezamo yankho siipitanso. Tsono 127.0.0.1 tanthauzo lake ndi lakuti "pompano, m'nyumba muno."

Kenako kunagwa maliro kumudzi, kunabweranso mayeso, panadutsa milungu itatu. Kamzere kaja ndinakaiwala ngati ngongole ya mnzanga. Apache ndi MySQL, zimene zimayendetsa webusaiti mu XAMPP, ndinali nditaziika kuti zizidzuka zokha laputopu ikayaka, ndiye nditalemba dzina la webusaiti inatseguka bwinobwino. Ndinati basi, bola ndingokonzera pa yeniyeni pomwepa. Chrome anandilembera kuti "Not secure", ine ndinati ndi nsanje chabe. Masiku atatu ndili pa ntchito: mitengo yatsopano, zithunzi za nyanja, chambo chili pa mbale. Liwiro lake! Zithunzi zimalowa ngati mphezi, mpaka ndinayamikira netiweki ya ku Area 25 kwa aneba.

"Amalume, yatheka. Tsegulani."

"Palibe chasintha, mphwanga."

Ndinawauza kuti DNS imatenga mpaka maola 48 kuti ifalikire. Awa ndi mawu amene timabisalako tikasowa chonena, chifukwa ine ku DNS sindinakhudzeko n'komwe. Maola 48 atatha ndinati afufute cache, masamba akale amene foni imasunga. Kenako ndinati vuto ndi foni yawo, yakalamba. Ndinaimbiranso kampani yosunga webusaitiyo n'kukalipira mayi wina waulemu wake, amene anandiuza modekha kuti kwa iwo palibe fayilo yomwe yasintha chaka chonse. Ndinamufunsa ngati ntchito anaiphunzira.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Salima, kenako njinga yamoto mpaka ku Senga Bay, kuti ndikawaonetse ndi maso. Pakhonde panadzaza: amalume, azakhali, wophika, ngakhale mlonda amene amayenera kukhala akugona. Ndinatsegula laputopu, n'kulemba dzina lija ndi chala chimodzi kuti aliyense aone. Chambo chija mbee pa sikirini.

"Mwaona? Foni yanu ija mukagulitse."

Amalume anayamba kukanda mutu, atatsala pang'ono kupepesa. Apo msuweni wanga wa Sitandade 7, yemwe amatafuna nzimbe pakona, anati, "Asuweni, koma magetsi anazima m'mawa, Wi-Fi kulibe. Nanga imeneyi ikudzera kuti?"

Ndinayang'ana pakona pa sikirini. Intaneti kunalibedi. Thukuta linayambira kumsana. Ndinatsegula cmd, kazenera kolembamo malamulo, n'kulemba ping ndi dzina la webusaiti kuti ndione komwe ikuchokera, ndipo yankho linabwera pamaso pa anthu onse: Reply from 127.0.0.1.

Ndinayesa kufotokoza za nyakwawa ija. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye kuti mlendo wa ku Germany akafuna mitengo, azikwera ndege, atsike pa Lilongwe, afunse kwanu, umutsegulire chikwama?"

Mlonda anaseka mpaka anakhala pansi.

Magetsi atayaka madzulo ndinaika # kutsogolo kwa kamzere kaja kuti kasiye kugwira ntchito, n'kulemba ipconfig /flushdns kuti kompyuta iiwale njira yakale, ndipo webusaiti yakale inatulukira ndi mitengo yake ngati sinandionepo. Usiku wonse ndinachezera kukweza mafayilo ndi database, udzudzu ukundidya. Lolemba ndinaimbira mayi uja kuti ndipepese. Anandizindikira mawu ndisanatchule dzina.

Mpaka lero, kaya ndi pa chinkhoswe kaya pa ukwati, amalume amandikoka dzanja n'kuuza anthu kuti, "Uyu ndi mphwanga uja. Intaneti yake amayenda nayo."