Mmene ndinalembera tsamba langa loyamba la HTML

Pamene ndinaganiza zophunzira kupanga masamba a pa intaneti, ndinkayesa kuti pafunika pulogalamu yodula ndi bandulo yochuluka, koma tsiku loyamba ndinagwiritsa ntchito zinthu ziwiri zokha, Notepad, pulogalamu yolembera mawu imene imabwera kale mu Windows, ndi browser (pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti) ya Firefox, ndipo intaneti inali yozimitsa nthawi yonseyo. HTML, imene Tim Berners-Lee anayambitsa ali ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva, kumene tsamba loyamba linafikira anthu mu 1991, siilamula kompyuta kuwerengetsa kanthu. Ntchito yake ndi kuika zizindikiro pa mawu kuti browser idziwe kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi.

Ndinayamba ndi mzere wa <!DOCTYPE html>, umene umauza browser kuti itsatire malamulo a masiku ano, kenako ndinatsegula <html lang="ny">, popeza ny ndi chidule chimene chimaimira Chichewa. M'kati mwake muli magawo awiri: <head>, momwe mumakhala dzina la tsamba ndi zina zosaonekera kwa owerenga, ndi <body>, momwe ndinalemba mutu pakati pa <h1> ndi </h1>, ndiponso ndime ziwiri, iliyonse pakati pa <p> ndi </p>. Kamzere kopendekeka ka m'chizindikiro chachiwiri ndiko kamatseka, ndipo tsiku limene ndinaiwala kutseka <h1>, nkhani yonse inatuluka m'zilembo zikuluzikulu ngati mutu wa nyuzipepala.

Cholakwa choyamba chenicheni chinachitika posunga fayilo. Ndinalemba dzina lakuti index.html, koma Notepad inawonjezera .txt kumapeto, ndipo chifukwa Windows imabisa mathero a mayina a mafayilo, ndinataya nthawi yaitali ndikudabwa kuti browser ikundionetseranji zizindikiro zanga zonse m'malo mwa tsamba. Njira yake ndi kusankha All Files posunga.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri chinali chilembo cha ŵ. Ndinalemba Malaŵi, pa kompyuta yanga n'kumaoneka bwinobwino, koma nditakweza tsambalo pa intaneti dzinalo linatuluka ngati MalaÅµi. Chifukwa chake n'chakuti fayilo yanga inasungidwa mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta, momwe ŵ amatenga mabaiti (timanambala timene kompyuta imasunga) awiri, koma ndinali ndisanaiuze browser zimenezi, kotero iyo inawerenga baiti iliyonse ngati chilembo chapadera. Mzere umodzi wa <meta charset="utf-8">, woikidwa pamwamba penipeni mu <head>, unathetsa vutoli, ndipo ndimaona kuti aliyense wolemba m'Chichewa ayenera kuulemba asanalembe china chilichonse.

Chithunzi ndinachiika ndi <img>, chizindikiro chimene sichitsekedwa, ndipo ndinalemba mawu ochifotokoza mu alt kuti anthu osaona, amene kompyuta imawawerengera mokweza, amve chimene chilipo. Nachonso chinasowa pa intaneti, chifukwa fayilo inali Nyanja.jpg pamene ine ndinalemba nyanja.jpg. Windows sisamala za chilembo chachikulu kapena chaching'ono, koma ma seva ambiri, makompyuta osunga masamba a pa intaneti, amasiyanitsa.

Poyamba ndinkasankha <h3> m'malo mwa <h1> pongofuna zilembo zocheperako, ndipo chimenechi ndi chizolowezi choipa, pakuti nambala ya mutu imasonyeza dongosolo la nkhani, osati kukula kwa zilembo. Maonekedwe ndi ntchito ya CSS, njira yolembera malamulo a maonekedwe a tsamba, imene inakhazikitsidwa mu 1996, ndipo ine ndinaiyamba patatha sabata ziwiri, m'fayilo ina yotchedwa style.css.

Pomaliza ndinayatsa intaneti n'kupereka fayilo yanga ku chida chofufuza zolakwa mu HTML cha W3C, bungwe lokhazikitsa malamulo a masamba a pa intaneti. Chinandionetsa zolakwa zitatu zimene Firefox inkangozilekerera mwakachetechete, chilichonse ndi nambala ya mzere wake, ndipo ndinazikonza chimodzichimodzi kuyambira pamwamba, popeza cholakwa choyamba nthawi zambiri ndicho chimabala zotsatirazo.