Zomwe ndikuphunzira ku wrestling, ndi nkhani ya mnzanga wofanana naye sikelo

Kuno ku Mufakose, mu Harare, ndikauza anthu kuti ndimaphunzira wrestling amayamba aseka kaye, amaganiza zija za pa TV za John Cena zomenyana ndi mipando. Zathuzi ndi freestyle, palibe chibakera palibe theche, ntchito ndi kugwetsa mnzako n'kumupanikiza mapewa onse awiri pa mat. Zikatero gemu yathera pompo olo iyeyo akhale anali patsogolo ndi mapointi angati.

Malamulo ndinachita kulemba mu kope ngati manotsi a Biology chifukwa akochi athu amafunsa mokudzidzimutsa. Kugwetsa munthu n'kumugwira chakumbuyo ndi mapointi 2, kumukankhira kunja kwa bwalo ndi 1, kumugubuduza msana wake uloze pansi ndi 2, ukamuzula ali chiimire n'kumugwetsa chagada ndi 4. Ukamusiya ndi mapointi 10 refa amaimitsa gemu. Akuluakulu amalimbana zigawo ziwiri za mphindi 3, ife a U17, osapitirira zaka 17, ndi za mphindi 2, zimamveka zochepa koma pofika chigawo chachiwiri manja amakhala atafa kale.

Zimenezo ndi zoloweza, aliyense angathe. Chovuta ndi ichi, masamu a mayeso a ZIMSEC ukhoza kuwerenga wekha usiku ndi tochi ya foni magetsi atathima, koma double leg, kulowa pansi n'kugwira miyendo yonse iwiri ya mnzako kuti umugwetse, sungaidziwe popanda miyendo ya munthu wina yoti uziigwira, ndipo munthuyo ayenera kulemera ngati iweyo, apo ayi ukungodzinamiza kapena uvulala. Atsikana tilipo ochepa, ndiye wofanana naye sikelo amakhala mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku. Wanga ndi mtsikana wa ku Dzivarasekwa, timakwera kombi imodzi pobwerera, timagawana botolo la madzi, amandiluka tsitsi kuti lisamakokedwe. Ndiye mpikisano ukafika, poti makilo ndi amodzi, maina athu amapezeka pa pepala limodzi, wina avale chofiira wina chabuluu, tigwirane chanza kenako tigwetsane pamaso pa anthu.

Iyeyo amandidziwa kuposa aliyense, amadziwa mwendo womwe ndimatsogoza ndikafuna kulowa, ine ndimadziwa kuti akatopa amaimika msana n'kusiya mawondo poyera. Palibe chobisirana. Gemu yathu imakhala yosakoma kuonera chifukwa chilichonse chomwe wina wayamba mnzake wachiona kale.

Ine maganizo anga ndi oti mnzako wokumvera chisoni pa training sakukufunira zabwino. Pali atsikana ena awiri mu timu mwathu okondana kwambiri, wina akangogwira mwendo mnzakeyo amagwa yekha mwaulemu, amaseka, amadzuka. Akakumana ndi mlendo amadabwa kuti bwanji munthuyu sakugwa. Wangayu samatero, ndikalowa mwaulesi amaponya miyendo kumbuyo n'kundikhalira ndi chiuno chonse pakhosi, ndikadandaula amangoti "chemwali, dzukani tibwereze". Zimapsetsa mtima, nthawi zina mu kombi sitiyankhulana mpaka mu tawuni.

Kunyumba nkhondo inali ndi agogo aakazi, iwo kwawo ndi ku Dedza, ankati "iwe mwanawe, mtsikana n'kumagubuduzika pansi pagulu, adzakufunsira ndani?" Sindinakangane nawo, ndinangowaonetsa pa YouTube Blessing Oborududu wa ku Nigeria akutenga siliva ku ma Olympics a ku Tokyo mu 2021. Ndinawauzanso kuti akazi anayamba kugwetsana ku ma Olympics mu 2004 ku Athens, kuti Marwa Amri wa ku Tunisia anabweretsa mendulo ku Africa kuno mu 2016, ndi kuti Kaori Icho wa ku Japan anatenga golide kanayi motsatizana. Za Icho sanasamale, koma Blessing anamuonera kawiri, anangoti koma zovalazo ndiye zothina.

Zinanso zomwe tinagwirizana ndi mnzangayu ndi za sikelo. Ena amadzimana nsima ndi madzi kuti atsike makilo asanayezedwe, ndiye amafika pa mat ali ndi chizungulire. Ife timayang'anirana, wina akasiya chakudya mnzake amakanena kwa akochi, olo atamukwiyira.

Mwezi uno tili pa buriji, kudzikweza ndi khosi ndi mapazi kuti mapewa asakhudze pansi. Iye waigwira kale, ine khosi likuwawabe, ndiye wandiuza kuti Loweruka ndifike msanga azindipanikiza mpaka itheke.