Lipoti la ulendo wathu wokaona agwape ku Highlands, dera la mapiri ku Scotland

Amene simunapite nawo mwakhala mukufunsa pa WhatsApp kuti tinayenda bwanji, ndiye nali lipoti lija ndinalonjezali.

Tinanyamuka ku Glasgow Lachisanu m'mawa, anthu 11 m'minibasi imodzi, kumbuyo titalongedza ufa ndi matemba chifukwa amayi athu asungichuma anakanitsitsa zoti tikadye buledi masiku atatu. Titadutsa Perth tinalowa msewu wa A9, ndipo pofika pa Drumochter, pomwe msewuwu umakwera mamita pafupifupi 460, mapiri onse anali mbee ndi sinowo. Nyumba yomwe tinachita lendi ili kunja kwa tauni ya Kingussie, mkati mwa Cairngorms National Park, paki yaikulu kuposa zonse ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003. Musaganize za Liwonde ayi. Muno anthu amakhalamo, amaweta nkhosa, sitima nayo imadutsa momwemo. Mu Januwale dzuwa lake ndi laulesi: ikamakwana 4 koloko madzulo mdima wayamba kale, moti tsiku loyambalo tinangootha moto.

M'mawa mwake ndinalawirira kukhitchini kukatereka tiyi. Kusuzumira pazenera, ndinangoti kakasi. Kuseri kwa kampanda ka miyala kunaima nyama zisanu ndi ziwiri, zazikazi zokhazokha, zopanda nyanga, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi. Imodzi inkapalasa sinowo ndi chiboda chakutsogolo, n'kuzula kaudzu kouma pansi pake, n'kudzutsa mutu, makutu ali tcheru, kenako n'kupalasanso. Eni dziko amazitcha red deer, kutanthauza kuti ndi zofiira, koma m'chisanu ubweya wake umakhala wotuwa, kufiirako kumabwera m'chilimwe. Ndinadzutsa anthu monong'ona, koma achimwene ena anamenyetsa chitseko, nyama zonse n'kulumpha mpanda wa waya ngati palibe kanthu.

Pa tiyi panabuka mkangano wa dzina. Ena ankati ndi agwape, ena nswala, abambo ena a ku Rumphi n'kumati zikungofanana ndi mphoyo za ku Nyika. Tinagwirizana pa gwape, ngakhale gwape wa kwathu ndi kamwana poyerekeza ndi zimenezi.

Amene anatitsegula maso ndi agogo ena oweta nkhosa oyandikana ndi nyumbayo. Anatitulutsira nyanga yokhala ndi mphanda zisanu, yomwe anati anaitola kuphiri. Zamphongo akuti zimagwetsa nyanga zokha chaka chilichonse cha m'Malichi ndi Epulo, zina n'kumeranso. Ine ndinakana kaye, chifukwa ya mbuzi kapena ya ngoma ikathyoka ndiye yathyoka. Nditaigwira ndinamva kulemera, ili fupa lokhalokha, yopanda mphako, yoti simungapange lipenga. Kunsonga kunali mikwingwirima ya mano, poti nyama zomwezo zimatafuna nyanga zogwazo kuti zipeze mchere wolimbitsa mafupa.

Kenako anatitengera kumtunda, ndipo uku ndiko kunali phunziro la ulendo wonse. Panali malo otchingidwa ndi waya wamtali kupitirira munthu. Mkati mwake timitengo ta paini tinali thithithi. Kunja kwake, dothi lomwelo, phiri lomwelo, kunali tizitsamba tofika m'mawondo basi, popanda ndi kamtengo komwe. Anatifotokozera kuti mimbulu, yomwe inkagwira agwapewa, inatha ku Scotland zaka pafupifupi 300 zapitazo. Chitherecho nyamazi zachuluka, ndipo m'chisanu zikatsika kumapiri zimabudula mphukira iliyonse, nkhalango osabwerera. N'chifukwa chake pali alenje olembedwa ntchito yozichepetsa, ndipo zazikazi amaloledwa kuwombera kuyambira pa 21 Okutobala mpaka pa 15 Febuluwale.

Apa ndiye mutu unandizungulira. Kwathu ku Ntcheu agogo anga ankatisimbira za uzimba, koma ine ndinakula ndikungodziwa mbewa ndi kalulu wa apo ndi apo. Nyama zinatha, mitengo inathera makala. Kuno mitengo ikutha chifukwa nyama zachuluka, ndipo wosamala chilengedwe ndi amene wanyamula mfuti. Asisi ena m'gulu lathu sizinawasangalatse, ankati nyama zokongola chonchi osaziombera. Ine nditaona mbali ziwiri za waya uja ndinaima ndi agogo oweta nkhosa aja, ngakhale kuti za m'mawa zija zinkandibwererabe m'maso.

Zamphongo tinazionera patali ndi magalasi, zili pagulu lazokha, pakuti nthawi zambiri sizikhala ndi zazikazi. Tinaonanso gologolo wofiira, wamanyenje m'makutu, akuba mtedza womwe eni nyumba amaikira mbalame. Kalulu wa kumapiri, yemwe amasanduka woyera m'chisanu, tinangomuonera mapazi. Ngozi inali imodzi yokha: atcheyamani anabwera ndi nsapato zakutchalitchi, n'kuterereka pa ayezi, n'kukhala pansi kawiri konse. Akupeza bwino, koma chithunzicho ndalamulidwa kuti ndisatumize.

Madzulo tinagula nyama ya agwape omwewa kubutchala, n'kuiphika ndi tomato ndi anyezi. Ilibe mafuta, imafuna moto wautali, koma ndi nsima inapita bwino. Asisi aja anaonjezera kawiri.

Ndalama zotsala zili ndi asungichuma. Pali ganizo loti tidzabwererenso mu Okutobala, nyengo yomwe zamphongo zimabangula ndi kulimbana polimbirana zazikazi. Ofuna kupita alembetse pamsonkhano ukubwerawu, ndipo adzabwere ndi jombo.