Jambulani kutsogolo kokha

Alamu anga amandiyesa katswiri wa mpira, ndipo ine sindinaonepo chifukwa chowatsutsira. Ndiye timu ya Malawi itadzigulira malo koyamba mu mpikisano wa mayiko a mu Africa wa mpira wa pamchenga, womwe unachitikira ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu Okutobala 2022, ananditenga kuti ndizikawafotokozera malamulo. Iwo ananyamula chikwama. Ine ndinanyamula nzeru, komanso nsapato zachikopa zatsopano, zosongoka kutsogolo.

Ukatswiriwo unayamba kuphwa masewero oyamba omwe. Ndinaimirira n'kukuwa kuti "Ofusayidi!", anthu n'kundicheukira. Alamu anandikoka malaya chamunsi: "Alamu, zikuoneka ngati kuno kulibe zimenezo." Kulibedi. Osewera amakhala asanu mbali iliyonse, goloboyi ali momwemo, onse opanda nsapato, pa kabwalo kosapitirira mamita 37 mulitali. Itagwa firikiki ndinafunsa mokweza kuti khoma lili kuti. Khoma n'loletsedwa, ndipo amene wachitidwa chipongwe ndiye amamenya yekha. Amayamba waunjika kamulu ka mchenga ndi phazi, n'kukhazikapo mpira, goloboyi akungoona tsoka lake likukonzedwa maso ali gwa. Chigawo chachiwiri chitatha ndinadzambatuka kuti tizipita, alamu ali phee, poti zigawo zimakhala zitatu, chilichonse cha mphindi 12.

"Ndimangowongola miyendo," ndinatero pokhala pansi.

Koma chimene chinandilowa mumtima ndi kamenyedwe kaja kogwa chagada, miyendo m'malere, mpira n'kudutsa pamutu kulunjika pagolo. Pamchenga mpira sugubuduka bwino, umangodumphadumpha m'maenje, ndiye anyamatawo amaunyamula ndi phazi n'kumasewerera m'mwamba. Lamulo limamuteteza munthu amene wayamba kutembenuka chotero, mdani saloledwa kumugunda. Ndinawauza alamu kuti ku mpira wa pakapinga zimenezi zimafuna mtima, koma kuno aliyense angathe, pogwera mpofewa.

"Ngakhale inuyo?"

Funso limenelo likanayenera kungodutsa. Tsiku la ndime yomaliza, Senegal ndi Egypt asanalowe m'bwalo, tinapeza ana akusewera m'mphepete mwa nyanja. Ndinavula nsapato. Poopa akuba, ndinakumba kadzenje n'kuzikwirira bwinobwino, chizindikiro changa chili bambo wina wonenepa amene anagona pansi pa ambulera yofiira. Kuchokera pa ambulera, mapazi asanu kulowera kunyanja. Nzeru ngati zimenezo sizipezeka ndi aliyense.

Palibe anandiuza za kutentha kwa mchenga masana. Mapazi a osewera aja ndi ozolowera, anga anakulira m'masokosi. Ndinayamba kudumpha mosinthanitsa miyendo ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, ana aja n'kuyamba kuwomba m'manja motsatira kadumphidwe kanga, kuyesa ndabwera ndi gule. Ndinakodola wamkulu pagulupo kuti andiponyere mpira m'mwamba. Anaponya bwino, mwana uja ndilibe naye mlandu. Ndinafulatira nyanja, ndinatumiza mwendo wamanja kumwamba, wamanzere n'kukana kutsatira. Mpira unatsika mwaulemu n'kundimenya pamphuno. Kumbuyo kunamveka kuti kwee! Thalauza inatseguka kuyambira palamba mpaka pakati, ine n'kugwa chagada kuti khu, mpweya wonse kuthawa. Mchenga unalowa m'makutu, m'kamwa, ndi malo amene thalauza inali itangotsegula kumene.

Alamu anawerama. "Alamu, chalowa chigoli?"

Apo m'pamene wezulo inalira m'bwalo. Anthu onse anathamangira komweko. Nditapukuta m'maso ndinayang'ana ambulera yofiira, ndipo ndinaiona ndithu, ikulowa pachipata cha bwalo ili paphewa pa mwiniwake. Gombe lonse linangoti mbee, paliponse pofanana.

Ndinayamba kukumba ndi dzanja limodzi, linalo litagwira thalauza. Alamu anati sangaphonye fainolo chifukwa cha nsapato za munthu wina, koma analonjeza kumabwera ndi nkhani. Anabweradi. Ulendo woyamba anandipeza nditafukula chitsekerero cha botolo. Ulendo wina anandiuza kuti matimu alepherana mphamvu, 2-2, ndipo kuno masewero sathera pamenepo, awonjezera mphindi zitatu, zikakanika apita ku mapenate. Ananena zimenezi pang'onopang'ono, mondiphunzitsa, ine ndili chogwada, nkhanu itandikanirira pachala. Kunyanja kumeneko madzi amaphwa n'kupita kutali, kenako amabwerera, ndipo nthawi imeneyo anali akubwerera. Maenje anga anayamba kudzaza limodzi ndi limodzi.

Mapenate ndinawamvera m'makutu odzaza mchenga. Senegal inatenga chikho kachisanu ndi chiwiri, ine ndinatenga patapata wa mwendo wamanzere, wa mwana.

Potuluka, khamu linandipeza nditaima pambali, wopanda nsapato, mchenga mpaka m'nsidze, ndikutsimphina. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana, nkhope n'kuwala, n'kutulutsa foni akulozera kubwalo. Ankandiyesa wosewera. Ndinatukula chifuwa n'kuyamba kutembenuka kuti ndiime cham'mbali monga amachitira akatswiri, koma alamu anandigwira mapewa onse awiri n'kundibweza.

"Jambulani, mayi," anatero. "Koma kutsogolo kokha."