Sabata yanga pa Vandenberg

Lolemba m'mawa, boti lisanachoke padoko ku Key West, ku Florida m'dziko la America, ndinatulutsanso chithunzi cha sitima chokutidwa ndi pulasitiki n'kuyamba kulongosola. Ntchito yanga ndi kutsogolera alendo osambira pansi pa nyanja, ndipo ambiri amadzera sitima imodzi yokha, General Hoyt S. Vandenberg, yomwe anaimiza dala pansi pa nyanja pa 27 May 2009 kuti nsomba zipeze pokhala. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera kugombe, ndipo inakhazikika pamchenga, mamita 43 pansi. M'litali ndi pafupifupi mamita 160, ndiye ndimawauziratu kuti sangaimalize ulendo umodzi. Samva ayi.

Funso lawo ndi lomwelo tsiku lililonse: kodi inali ya ukazitape? Ndimati inde, koma ukazitapewo unabwera mochedwa. Anaipanga ku Richmond, California, dzina lake lili General Harry Taylor, ndipo kuyambira 1944 inkanyamula asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhondo itatha inasamutsa anthu osowa kwawo kuchokera ku Europe, kenako othawa ku Hungary zinthu zitavuta mu 1956. Apa alendo amayamba kuyang'ana mabotolo awo a mpweya. Amadzidzimuka ndikafika pa 1963, chaka chomwe asilikali a m'mlengalenga a America, ataiveka mbale zikuluzikulu za radar, makina olondolera zinthu zouluka patali, anaipatsa dzina latsopanoli. Mu 1964 inapita m'manja mwa asilikali a pamadzi ndi nambala yakuti T-AGM-10, ndipo mpaka 1983 inkalondola mizinga youluka ndi maroketi, a America komanso a Soviet Union.

Lachiwiri madzi ankakoka moti chingwe chomangirirapo boti chinachita kunjenjemera. Kaputeni anangopukusa mutu, tinabwerera. Palibe anatipatsa kangachepe.

Lachitatu ndi limene linandikwiyitsa. Bambo wina wa kamera yodula anatsatira chinsomba chotchedwa goliath grouper mpaka kupitirira mamita 30, osayang'ana n'komwe kachipangizo koonetsa mpweya wotsala. Mmene ndinkamufika, singano inali pamalo ofiira. Ndinamupatsa paipi yanga yachiwiri, ndinamugwira lamba, tinakwera pang'onopang'ono ndi chingwe, n'kuima mphindi 3 pa mamita 5 monga mwa lamulo. Titatuluka, mawu ake oyamba anali odandaula kuti ndamusokonezera chithunzi. Ndinangomeza mate.

Lachinayi kunabwera agogo ena ndi mdzukulu wawo. Iwo sanalowe m'madzi, anakhala pamthunzi ndi chipewa chawo, ndipo popuma pakati pa maulendo awiri anandiuza kuti anagwirapo ntchito pa radar ya sitimayi ali mnyamata. Ndinayembekeza nkhani zoopsa. Iwo anati ntchito yake inali kudikira basi: masabata ali pakati pa nyanja, kuyesa makina, kuyesanso, kuti mzinga ukaonekera kwa mphindi zochepa pasalephereke kanthu, chifukwa ukaphonya sungauitane kuti ubwereze. Anandifunsa ngati mbale zija zilipobe. Ndinati zilipo agogo, koma zadzaza ndere ndi tinsomba, ndipo nsomba za barracuda zimakonda kuyandama pamwamba pake ngati alonda. Anaseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu mayi wina anatsutsa kuti sitimayi inali ya ku Russia, ati anaona chithunzi chake chili ndi zilembo zachi Russia. Zilembozo anapaka ndi anthu a filimu m'zaka za m'ma 1990, sitimayo itakhala zaka zambiri ikuchita dzimbiri pa mtsinje wa James ku Virginia. Ndinafotokoza kawiri, sanakhutire.

Loweruka ndinatsuka zovala zosambirira 20 ndi madzi opanda mchere. M'thumba la chovala china ndinapezamo chotsekera kamera cha bambo a Lachitatu aja. Chili mu dirowa, sanachifunsebe.