Kireti pakati pa moŵa

Ntchitoyo inkaoneka yosavuta: mapositala 50 a A2, mamilimita 420 kwa 594, a hotela ina yakalekale ku Zomba. Eni ake anakana zithunzi. Ankafuna zilembo zokhazokha, zoti munthu akaziona akumbukire Zomba idakali likulu la dziko, 1975 isanafike.

Ndinasankha Clarendon, zilembo zojintcha za timapazi zomwe zinatulukira ku London mu 1845. Dzina la hotela pamwamba, MALAŴI pansi pake, ndipo mzere wa ku bala kumapeto: MOŴA WOZIZIRA. Bleed, malire owonjezera omwe amadulidwa akatha kusindikiza, ndinasiya mamilimita 3 mbali zonse, mitundu ndinaika mu CMYK, inki zinayi zosindikizira, mpata wa pakati pa L ndi A ndinaufinya ndi dzanja chifukwa zilembo ziwirizi zikayandikana zimasiya chibowo. Zonsezi ndinachita ngati katswiri.

Chimene sindinaone n'chakuti fontiyo inali yaulere ya pa intaneti, ndipo yambiri yotereyi ilibe Ŵ. Kachipewa ka pa A ndi pa E kamapezeka chifukwa cha Chifalansa, koma ka pa W muziyamba mwafufuza. Kompyuta yanga, mwa ulemu wake, inakabwereka Ŵ ku fonti ina osandiuza. Ine n'kutumiza fayilo yotsegula kosindikizira, zilembo ndisanazisandutse mizere. Anandifunsa ngati ndikufuna proof, pepala loyesera loti ndione asanasindikize onse, ndinati nthawi yatha. Kompyuta ya kumeneko inalibe mtima wobwereka. Pamene panali Ŵ inangoikapo kabokosi.

Ndinamasula mtolo pamaso pa amanijala. Anayang'ana MALA, kabokosi, kenako I. Anatsika mpaka pa MO, kabokosi, A.

"Achimwene, kabokosi aka ndi zenera?"

Ndisanayankhe, wa ku bala anasuzumira paphewa panga. "Ayi bwana, ameneyu ndi kireti. Waganiza bwino mnyamatayu."

Golide wa dzina la hotela nayenso anali atandithawa. Pa sikirini ankanyezimira, papepala anatuluka ngati chiponde. Inki zinayi za CMYK sizinyezimira. Wofuna golide weniweni amalipira foil, kapepala konyezimira kodinda pa zilembo, kapena inki yapadera monga Pantone 871.

Mankhwala a kabokosi ndi amphindi ziwiri. Musanakonde fonti, lembani Ŵ ndi ŵ, mukulitse, muone ngati kunenepa kwake kukufanana ndi zinzake. Ŵ ikasowa, sandutsani Â kukhala mizere, dulani kachipewa, kakhazikeni pakati pa W. Kusandutsa mizereko, mu pulogalamu yojambulira ya Illustrator ndi Ctrl+Shift+O, mu ya CorelDRAW ndi Ctrl+Q. Kenako tumizani PDF, ndipo proof ya papepala muigwire m'manja.

Ndalama yosindikizanso panalibe. Ndinasindikiza ma Ŵ 100 pa pepala lomata, aakulu 50 ndi aang'ono 50, n'kuchezera ndi lezala ndi rula mpaka tambala woyamba. Positala imodzi yokha wa ku bala anandilanda ndisanaimate. Akuti makasitomala akaloza kabokosiko amadziwa kuti akuitanitsa kireti yonse.